Olaiti wa a Moffat

Pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, a Moffat anakhala kapitawo wa otchola tiyi mpaka imvi mbuu, koma Chingerezi chawo chonse chinali liwu limodzi: olaiti. Makolo awo anawoloka nawo mtsinje wa Ruo ali kumsana, kuchokera ku Mozambiki, ndipo a Moffat sukulu anangoiona denga. Liwulo analitola kwa mzungu wina pamene ankapalira tiyi ali mnyamata, n'kulisunga ngati mpeni wa m'thumba, wosendera chinangwa, wowengeranso zikhadabo.

M'mawa olaiti anali moni. Akamukoka kuti "olaaaiti," ndiye kuti weramani, ntchito yayamba. Awiri akamakangana pasikelo, olaiti wamfupi ankathetsa mlandu. Ngakhale pamaliro, ena akamati pepani, iwo ankagwira woferedwa paphewa n'kunong'ona yemweyo. Ana a kumalaini, kunyumba za antchito, ankayesa ndi dzina lawo la ubatizo.

Janeti anawadziwa bwino mu 1978, mwamuna wake, wantchito wa pa esitetipo, atamwalira. Nyumba ya kumalaini inkayendera ntchito: wantchito akafa, banja lisamuke. Kwawo ku Chinakanaka kamunda anali atagawana kale abale, ndipo iye anali ndi ana atatu. Bwana anati amuyesa kaye pa zotchola. Akatha, nyumba ikhala yake. Akalephera, aone msewu.

Koma manja a Janeti anali a khasu. Tiyi amafuna masamba awiri anthete ndi kansonga, iye ankangokokolola ndi okhwima omwe, poganiza kuti chopulumutsa nyumba ndi kulemera kwa dengu. Tsiku loyamba anafika pasikelo dengu lili tho, mtima uli m'malo. A Moffat anamuimitsa, anakhuthulira tiyi pachiguduli, nayamba kutaya okhwima limodzilimodzi anthu akuonerera. Dengu linatsala theka.

"Olaiti, alamu," anatero, poti malemu anali mnzawo.

Janeti anawada a Moffat, kuwada kwenikweni. Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo. Ena madengu awo ankangowasuzumira, lake lokha ndilo lokhuthula. Tsiku lina zinamukwana.

"A kapitawo, ndinakulakwirani chiyani ine? Mukufuna ana anga akagone kumsika?"

A Moffat sanali munthu wa mawu. Anangomugwira dzanja, nalitsogolera pamwamba pa chitsamba, n'kutchola naye kansonga ndi zala ziwiri. Kenaka anamuika pamzere woyandikana ndi pomwe iwo ankaima, ndipo dzanja likangolowa pansi pa masamba okhwima, ankamva olaiti wokhala ngati chifuwa. Janeti ankatchola akutukwana chamumtima, misozi ikugwera mudengu.

Tsiku loweruza onse oyesedwa, bwana anabwera ndi njinga yamoto. Sikelo sanaiyang'ane n'komwe. Anapisa dzanja pansi penipeni pa dengu la aliyense woyesedwa, kumene anthu amabisa zinyalala, natulutsa tiyi wodzaza dzanja. Amayi awiri a madengu olemera anauzidwa pomwepo kuti asabwerenso. Tiyi wa Janeti anamutembenuza, anamununkhiza, namubwezera.

"Uyu anayamba liti?" anafunsa bwanayo.

A Moffat anayankha ndi liwu lawo lija, ndipo bwana anapita kudengu lina.

Apo m'pamene Janeti anazindikira kuti mkuluyo ankataya masamba kuti ana asatayidwe. Manyazi anamugwira, ndi chimwemwe chomwe. Anagwada m'matope momwemo n'kuwomba m'manja.

"Abambo, ndinkakuyesani mfiti. Mulungu akusungeni."

"Dzukani, alamu, chitenje chida," anatero a Moffat, akuyang'ana kumbali ngati wina wawaitana.

Janeti anatchola tiyi pa esiteti imeneyo zaka zambiri, ndipo a Moffat atapuma ntchito n'kukakhala kufupi ndi Mishoni ya ku Mulanje, sankadutsa pakhomo pawo chimanjamanja: kaya nanazi, kaya nandolo. Koma chimene sachiiwala ndi madzulo a tsiku loweruzalo. Atafika kumalaini anapeza mwana wake wamkulu atamanga kale mphasa, miphika ndi zofunda m'mitolo, ang'ono atakhala pamwamba pake kudikira ulendo.

"Amayi, tikupita kuti?"

"Masulani," anatero Janeti. "Tigona mommuno."