Mchere wa m'Thanki ya Wometa

Zimene mwamva zija, zoti Nasingano analowa m'shopu ya Wometa n'kuthira mankhwala ochapira zovala m'thanki ya nsomba, ndi bodza lamkunkhuniza. Ena akuti anatuma munthu. Ena, aja pakamwa pawo sipapuma ndi Lamlungu lomwe, akuti anangoloza chala ali tsidya la msewu, nsomba n'kuyamba kuyandama chagada. Chala cha Nasingano tikuchidziwa tonse, n'chobookabooka ndi singano, sichingaphe ngakhale nyerere. Khalani pansi mumve mmene zinayendera.

Nasingano ndi telala uja wamfupi, woyenda ndi tepi m'khosi ngati mkanda, amene shopu yake imayang'anizana ndi yometera. Iye ndi Wometa anakhala pabanja zaka khumi ndi zinayi, ana awiri. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi ya nsomba zagolide, zija za madzi wamba a pampopi. Amene anagula thankiyo ndi Wometa, izi sitikana. Koma kugula n'kwina, kusunga n'kwina. Amene ankayamwa kapaipi Loweruka lililonse kuti madzi akale atuluke, nthawi zina mpaka kuwameza, anali Nasingano. Wopala ndere pagalasi, Nasingano. Wometa yake inali kuima pambali alendo akabwera, manja m'thumba, n'kumati, "Zanga izi. Zimafuna munthu wamutu."

Mwa nsombazo munali imodzi yaikulu, ya diso limodzi, imene Nasingano ankaitcha Apongozi chifukwa inkatsegula pakamwa tsiku lonse. Inakhala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo inkadya pa zala zake.

Ndiye kunabwera mtsikana wopenta zikhadabo, kudzapempha kangodya m'shopu yometera kuti aziikapo tebulo lake. Anapatsidwa kangodya, kenako anatenga shopu yonse ndi mwini wake yemwe. Ife tinamutcha Nazikhadabo. Mwamuna atachoka, Nasingano sanalire kwenikweni, ankangoti nyumba yapepuka. Koma tsiku lina ali kwa mkulu wake, Wometa anabwera kudzatenga katundu, n'kunyamula ndi thanki yomwe kukagulitsa. Nsomba anazikhuthulira m'ngalande ya kuseri. Nasingano pobwera anapeza patebulo pali mbee, Apongozi ali m'ngalande, atauma, diso lake limodzi lija lili kumwamba.

Anawoloka msewu. M'shopu yometera munali modzaza.

"Bambo a ana, nsomba zija zinakulakwirani chiyani?"

Wometa sanazimitse n'komwe makina. "Tinsomba ta m'zithaphwi tija? Mayi, dziko linapita patsogolo. Ine ndikuyamba za m'nyanja yamchere, zamitundumitundu. Za madzi a pampopi ngakhale telala angasunge."

Odikira kumeta anaseka. Nasingano anawayang'ana mmodzimmodzi ngati akuwayeza thalauza, n'kutuluka. Mawu akuti "ngakhale telala" anawapinda bwinobwino n'kuwasunga.

Lolemba lake anapita kwa Wamathanki, mkulu wa kumapeto kwa msewu wa ogulitsa matayala, amene amagulitsa nsomba zokongoletsera m'nyumba. Anamufunsa mafunso mpaka mkuluyo anakoka mpando. Anagula kathanki kakang'ono, kosaposa bokosi la makina ake osokera. Anagula mchere wake wapadera, osati wa kukhitchini, miyala ya m'nyanja, kapampu, ndi kachipangizo ka muvi koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi.

"Mayi, funso limodzi," anatero Wamathanki pomanga katundu. "Madzi akamachepa okha m'thanki, muziwonjezera otani?"

"Opanda mchere."

"Wakuuzani ndani?"

"Poto. Msuzi ukaphwera pamoto, amauluka ndi madzi, mchere umatsala. Amene amathiranso mchere pamenepo ndi munthu woti sanaphikepo."

Wamathanki anaseka mpaka kutsokomola. "Pamenepa ndi pamene amagwera mabwana ovala mataye. Nanga ine ndiziwagwira dzanja?"

Kathankiko Nasingano anakaika pawindo la shopu yake, pambali pa zidole zovekera madiresi. Milungu isanu ndi umodzi munali madzi ndi miyala basi, chifukwa anauzidwa kuti madzi atsopano amayenera kukhwima asanalandire chamoyo. A tsidya lija anapeza choseka. "Telala akuweta miyala," ankatero. Wina anamufunsa ngati miyalayo imadya kangati patsiku. Iye ankangoluma ulusi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wometa za kudekha sankazidziwa. Anagula thanki yake ya pakati pa shopu, getsi labuluu pamwamba, nsomba zisanu ndi ziwiri, ndi makorali, tinyama tija tomera pamiyala tooneka ngati maluwa. Kunena zoona zinakongola. Kachipangizo koyezera mchere anakana kugula, ati lilime lake ndi lokwanira. Wamathanki atayamba kumulangiza, anamudula: "Achimwene, nsomba ndasunga zaka khumi ndi zinayi."

Tsopano m'shopu yometera mumatentha. Makina oumitsira tsitsi amalira tsiku lonse, thanki ili yosavindikira. Madzi ankatsika msanga. Mmawa wina Nasingano akutsegula shopu, anaona Wometa ataima pakhomo ndi jagi, akuthiramo mchere, akutakasa ndi chogwirira cha chipeso. Analawa, anagwedeza mutu ngati dokotala, n'kukakhuthulira m'thanki.

Nasingano anaima chiimire, kiyi ali m'manja. Tsiku lomwelo anasuntha makina ake kuwaika pawindo.

Musaganize kuti mtima wake ndi wa mwala. Nsombazo zinalibe mlandu, ndipo iye ankadziwa. Mmawa wina chisoni chinamugwira mpaka anatuluka, mawu ali kale pamlomo.

"Mwadzuka bwanji, bambo a ana?"

"Tadzuka, mayi. Miyala yanu ija yaikira mazira?"

Nazikhadabo anaseka ali m'kati. Nasingano anakumbukira diso lija la m'ngalande, mawu n'kubwerera kummero. "Ayi, sinaikire. Tsiku labwino."

Jagi inapitiriza ntchito yake. Masiku awiri alionse, mchere pamwamba pa mchere. Makorali anayamba kufinya ngati nkhonya, kenako kuyera. Wometa anati vuto ndi getsi, anasintha getsi. Anati ndi ana ogogoda galasi, anamata chikwangwani. Anati ndi fungo la penti wa zikhadabo, ndipo tsiku limenelo tsidya lija kunamveka mawu amene sindingalembe pano. Nsomba zinayamba kufa imodziimodzi. Ankazitulutsa atazikulunga m'pepala lopukutira khosi, kuganiza kuti palibe akuona. Nasingano ankawerenga, phazi lili pa makina.

Kwake nako miyala ija inali itadzuka. Anaika kaye tinkhono, kenako makorali atatu, kenako kansomba kamodzi ka mtundu wa lalanje ka mizere yoyera. Pagalasi anajambula kamzere ndi choko chosokera, ndipo madzi akatsika pansi pa kamzereko ankawonjezera opanda mchere, kapu imodzi, pang'onopang'ono. Makorali anatambasuka ngati siketi ya mapuliti. Anthu odikira kumeta anayamba kuwoloka kudzasuzumira, wina mpaka anabwera mutu uli wometa theka.

Wometa atatsala ndi nsomba ziwiri, Nazikhadabo anabwera ndi siketi ya zipi yabwinobwino, ati yafa.

"Zipi iyi ilibe vuto, mng'ono wanga," anatero Nasingano. "Nena chimene wabwerera."

"Asisi, munthu uja sakudya. Tangondinong'onezani, inu mumathiramo chiyani?"

"Ukufuna unditengerenso ndi ichi? Kamuuze abwere yekha Loweruka, anthu ali pomwepo, adzafunse telala. Ndimuuza ulere."

Uthenga unafika. Yankho tinalimva tonse, chifukwa Wometa analankhula ali pakhomo: "Ine ndikafunse wosoka mabatani?" Akale anati safunsa anadya phula. Uyu anadya mchere.

Loweruka anabweradi, koma osati kudzafunsa. Inali itatsala nsomba imodzi, yabuluu, ikupuma mwabefu. Anaitunga m'jagi ija pamodzi ndi madzi ake, n'kuwoloka msewu chopondaponda, anthu ali pambuyo, wina nsalu yometera ikadali m'khosi.

"Mayi iwe, wandichita chiyani? Onani anthuni. Zake zili moyo, zanga zikutha. Zimenezi n'zachilungamo?"

"Lero ndasanduka iwe?" anatero Nasingano. Anamaliza kaye mpendero umene ankasoka, anadula ulusi, ndiye n'kuimirira. Anatenga kachipangizo kaja, kutunga madzi a m'thanki yake. Muvi unaima pakati. Anakatsuka, kutunga a m'jagi. Muvi unakwera mpaka kukagunda pamwamba, ukanakhala ndi mapiko ukanatuluka.

"Lilime lanu lija mwabwera nalo? Talawani."

Anthu anamukakamiza. Wometa analawa madzi a Nasingano, kenako ake. Nkhope inakwinyika ngati malaya ogonera.

"Madzi akachepa mumawonjezera otani, bambo a ana?"

"Amchere. Si thanki yamchere kodi?"

Panali amayi atatu odzayeza madiresi. Anayang'anana, kenako mmodzi anagwira khoma ndi kuseka. "Mayo ine, bambowa sanaonepo msuzi ukuphwera?"

"Akanauona kuti?" anatero Nasingano mofatsa. "Zaka khumi ndi zinayi ankangopeza zili patebulo. Amauluka ndi madzi, bambo, mchere suuluka. Izi ngakhale telala amadziwa."

Analanda jagi ija, ndipo Wometa sanalimbe nayo. Nsombayo sanaiponye m'thanki nthawi yomweyo, ikanafa ndi kusintha kwadzidzidzi. Anaiika m'beseni, n'kumadonthezeramo madzi ake ndi kapaipi, dontho ndi dontho, mpaka dzuwa kupendeka. Inachira. Ilipo mpaka lero, yonenepa, imazungulira pagalasi kudzionetsa kwa odutsa osadziwa amene amaisinthira madzi. Nasingano anaitcha dzina lakuti Wometa.

Thanki ya tsidya lija tsopano amasungiramo matawulo. Mwini wake ndi amene anayambitsa nkhani ya mankhwala ija, ndipo amaifotokozera aliyense amene wakhala pampando, poti munthu woti lumo lili pakhosi satsutsa.

Zoona zake n'zakuti Wometa anapha nsomba zake yekha ndi jagi ya mchere, Nasingano akuonerera pawindo osanena kanthu.