Ndinamutama Lakisoni m'Basi ya ku Mzimba

Ndinachoka pa Kasungu Lachisanu lina m'mwezi wa Juni, zaka zija makwacha atangolowa kumene m'malo mwa mapaundi. Basi ya ku Mzimba inayenera kunyamuka seveni koloko, koma inadikira kuti dalaivala amalize tiyi wake. Ndinalipira kwacha imodzi ndi matambala makumi awiri, ndipo kondakitala anandilipitsanso matambala khumi chifukwa ndinakana kukweza katoni yanga padenga. M'katonimo munali ampulifaya ya gitala, yokulungidwa m'bulangete.

Ntchito yanga inali yokonza mawailesi ndi magalamafoni. Ampulifayayo anandisiyira mnyamata wa ku Mzimba dzina lake Lakisoni, amene anabwera kuchokera kumigodi ya ku Zambia ndi gitala ya magetsi, tsitsi lofika m'mapewa, ndi kambale kamodzi ka galamafoni komwe anajambulitsa kumeneko. Anati adzaitenga pakatha sabata ziwiri. Panatha miyezi khumi. Ndinaganiza zomupititsira ndekha, ndipo sindinama kuti chinali chifundo ayi. Ndinkafuna kumumvanso akuimba.

Pa nkhani ya nyimbo ndinali munthu wamakani. Dziko lonse linkapenga ndi woimba wina amene tinkangomutchula kuti Jekete, chifukwa cha jekete lake lofiira. Ankamveka pawailesi m'mawa ndi madzulo, ndipo pamisonkhano ya chipani sankasowa. Kwa ine munthuyo ankadziwa makiyi atatu okha, lachitatulo n'kumalipeza mwamwayi. Ngakhale magulu a ku Mangalande amene ana a sekondale ankawalambira, ndinkati theka la luso lawo ndi tsitsi. Koma Lakisoni, amene sanamvekepo pawailesi n'kamodzi komwe, ankati akakoka waya mmodzi, umamva ngati wina wakuitana dzina lako kuseri kwa phiri.

Cha m'ma teni tinaima pa Nkhamenya. Anyamata a chipani analowa kudzaona makhadi, tonse tinaonetsa, iwo n'kutsika. Ndinagulira pawindo mbatata yootcha ya matambala awiri. Pomwepo panakwera bambo wina wa juzi lotuwa, wopanda chikwama ngakhale kathumba, nsapato zake zili mbee ngati sanaponde fumbi. Anandipatsa moni mwaulemu n'kukhala pambali panga. Kondakitala anamudutsa osamufunsa ndalama. Ndinaziona ndithu, koma maganizo anali pa mbatata.

Titangonyamuka, mnyamata wa sekondale amene anakhala kutsogolo kwathu anatsegula kawailesi kake. Anali Jekete. Mitu inayamba kugwedera basi yonse.

"Ngati ameneyu palibenso m'dziko muno," anatero mnyamatayo.

Pakamwa panandiyabwa. "Achimwene, mwamva oimba angati inu? Uyu akadakhala telala, bwenzi tonse tikuyenda ndi malaya a dzanja limodzi. Woimba weniweni ali kwanu konkuno ku Mzimba, ndipo simumudziwa. Dzina lake ndi Lakisoni."

Ndinkayembekezera mkangano, chifukwa mkangano ndiwo ndinkaufuna. Sunabwere. Mnyamata uja anatseka wailesi n'kuilowetsa m'jekete. Amayi amene ankacheza kumbuyo anasiyira nkhani pakati. Anthu onse anayamba kuyang'ana panja, ngakhale kunjako kunalibe china koma minda ya fodya yokololakolola ndi zigafa. Basi italowa m'mabampu, masipuling'i a m'kati mwa ampulifaya anayamba kulira pamiyendo panga, kulira kotalika ngati kwa munthu ali m'chitsime. Mwana wina anayamba kulira nawo, mayi ake n'kumutseka pakamwa.

Bambo wa juzi yekha ndiye anaseka. "Mwanena zoona, akulu. Jekete ndi phokoso chabe. Koma winayu sindinamumvepo. Amaimba bwanji?"

Mtima wanga unayera. Zaka zonsezi ndinali ndisanapeze munthu wogwirizana nane. Ndinamufotokozera za kambale kaja, ndi mmene Lakisoni ankayambira nyimbo pansipansi ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndinamuimbira mwa mluzu nyimbo ya mbali yachiwiri, kawiri konse, mpaka anaigwira.

Tinafika pa Jenda dzuwa lili pamutu, koma kukuzizira ngati m'mamawa. Dalaivala anatipatsa theka la ola. Ndinalowa m'kanyumba ka tiyi, n'kuitanitsa kapu imodzi ndi sikono, zonse matambala asanu. Mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwanga m'basi anabwera kudzaima pafupi, akumanganso mpango wake, maso ali kukhomo.

"Dada, imwe ndimwe mlendo kuno," ananong'ona. "Katundu uyo bwererani nayo. Munthu mukumuzunula uyo ife sitimumanya, ndipo tikukhala makora chomene posamumanya. Mbwenu." Chitumbuka chakecho ndinachimva: munthu amene ndinkamutchulayo iwo samudziwa, ndipo akukhala bwino kwambiri posamudziwa.

"Ndiye vuto lake limenelo, mayi," ndinayankha. "Simudziwa chuma chanu."

Anamaliza kumanga mpango wake, n'kutuluka. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinangoona ngati ndi mmodzi wa okonda Jekete. Titakweranso, mayiyo sanabwerere m'basi, ngakhale ndinamumva m'mawa akuuza kondakitala kuti akupita ku Boma. Mnyamata wa wailesi uja nayenso anali atasamukira kumpando wakutsogolo.

Kuchoka pa Jenda msewu unayamba kukwera. Kunagwa nkhungu yoti mitengo ya m'mbali inkangooneka mitu. Tinapatukira malole awiri a matabwa ochokera ku Chikangawa, nyali zili zoyaka masanasana. M'basi munalibe wolankhula, koma ampulifaya ija ndi bambo wa juzi, amene ankandifunsa mofatsa kuti Lakisoni ndi wamtali bwanji, ali ndi mkazi kapena ayi, ndipo ndikamupeza pati. Ndinamuuza zonse zomwe ndinkadziwa. Lakisoni anandiuzapo kuti mkazi wake amagulitsa mandasi pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika.

Tinalowa pa Mzimba Boma itangokwana fili koloko. Bamboyo anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti wasangalala kukumana ndi munthu wodziwa nyimbo. Ndinasenza katoni paphewa, ulendo wa kumsika. Ndinafunsa wogulitsa nyemba, ndinafunsa wokonza njinga, ndinafunsa wometa. Aliyense ankayankha mofanana, mawu ake omwewo, ngati anachita kuphunzitsana: "Yayi, dada, ameneyo kuno kulibe."

Kuseri kwa msika ndinapeza khonde lija. Panali mayi ndi dengu la mandasi, ndipo pambali pake telala wometa mpala ankapalasa makina, akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Nkhope ndikanaikayikira, koma dzanja lamanzere lomwe linkakankha nsalu ndinalidziwa. Nsonga za zala zinali zolimba, za munthu wozolowera mawaya.

"Lakisoni! Ndakubweretsera katundu wako. Akulira bwino kuposa kale."

Sanadzutse mutu. "Mwasokoneza, bwana. Ine ndine telala. Ngati muli ndi chong'ambika, siyani."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Ndinatsitsa katoni pansi, masipuling'i n'kulira. Phazi lake linaima pamakina. Mayi uja anadzuka msangamsanga n'kundipatsira ndasi ngati ndagula, uku akulankhula osatsegula mano.

"Ndapota nanu, dada, nyamulani chinthu icho. Anamuitana kuti akaimbe kumbuyo kwa Jekete pamsonkhano, iye sanapite. Anabwera kudzamufuna kawiri. Tinati anabwerera ku Zambia. Tsitsi tinameta, gitala tinakwirira, tauni yonse yatithandiza kumuiwala. Mwauzako ndani kuti mukubwera kuno?"

Ndisanayankhe, kutsidya kwa msewu kunamveka mluzu. Inali nyimbo ya mbali yachiwiri ya kambale kaja, ndipo woimbayo sanaphonye ngakhale pamodzi. Bambo wa juzi anali atatsamira mtengo wa bulugama, manja m'matumba, akutiyang'ana mokoma mtima.

Apa m'pamene Lakisoni anadzutsa mutu. Sanandikalipire. Anamvetsera mluzuwo mpaka kumapeto, ngati mmene munthu amamverera uthenga wa maliro omwe ankawayembekezera kale.

"Ndinu nokha munaikonda nyimbo imeneyo," anatero. "Pitani bwino, bwana."

Ndinanyamula katoni n'kuchokapo. Ndinagona kunyumba ya alendo ya matambala makumi atatu, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa kanthu. Zimenezo zinandiopsa kuposa kufunsidwa, chifukwa zinatanthauza kuti ine ntchito yanga ndinali nditaimaliza.

Loweruka m'mawa basi yobwerera inadzera kuseri kwa msika kukatenga matumba a chimanga. Makina aja anali pakhonde pomwepo, yunifolomu ili pansi pa singano, dzanja limodzi losasoka. Mpando unalibe munthu. Mayi wa mandasi uja anali atakhala pansi wopanda dengu, ndipo atandiona pawindo sanatembenuke, anandiperekeza ndi maso mpaka tinakhota. Ndinachita manyazi omwe sanandichokebe mpaka lero.

Pa Jenda sindinatsike. Pa Nkhamenya wina anatsegula wailesi, Jekete n'kuyamba zake, ndipo ine ndinagwedeza mutu pamodzi ndi anzanga mpaka pa Kasungu.

Maganizo anga sanasinthe. Jekete sankadziwa kuimba, ndipo Lakisoni analibe wofanana naye. Koma anthu a ku Mzimba ankadziwa zimenezo kuposa ine, n'chifukwa chake anakhala chete miyezi khumi, ine n'kudzawononga zonse pa ulendo wa tsiku limodzi. Ampulifaya ija ili kuseri kwa chitseko cha shopu yanga, m'bulangete lomwe lija. Lole ikadutsa pamsewu ampulifayayo imalira, ndipo makasitomala akafunsa kuti ndi ya ndani, ndimawauza kuti mwini wake sindimudziwa.