Madiresi Aatali Anandipusitsa

Ine ndinachotsetsa ntchito munthu wabwino, munthu amene anandiphunzitsa luso limene ndadyera moyo wanga wonse, ndipo tsiku limene ankatuluka pakhomo la sitolo ndinangoti kukamwa tseke. Imvi zandimera mutu wonse koma nkhaniyi ikundidyabe. Inu owerenga, makamaka inu amene anthu amadalira mawu anu, ndimvereni.

Zinachitika zaka zija likulu linali litasamukira kuno ku Lilongwe, maofesi ena akubwerabe ndi malole kuchokera ku Zomba. Ku City Centre kunali fumbi lofiira ndi milu ya njerwa. Mabwana a m'boma anawapatsa nyumba za mipanda ku Area 10 ndi kwina kotero, koma akaweruka analibe kopita. Dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, ndiye amene anapitako kunja kukaphunzira ankabwera ndi bokosi la kanema ndi makina a vidiyo, n'kumasowa choonera. Matepi ankawabwereka ku Old Town, pasitolo ya Mmwenye wina wogulitsa mawailesi ndi mabatire. Ine ndinalembedwa ntchito pamenepo ndili kale bambo wa ana awiri, chifukwa ndinkalemba zilembo zooneka bwino.

Kumbuyo kwa sitoloyo kunali kachipinda ka matepi, ndipo woyang'anira anali a Mbewe. Ha, a Mbewe! Mkulu wamfupi, wa jekete yosita mpaka kunyezimira m'zigongono, magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Paunyamata wawo ankazungulira m'midzi ndi galimoto yoonetsa kanema pansalu, choncho filimu ankaidziwa mmene mlimi amadziwira munda wake. Tepi yatsopano ikafika ankaionera yonse, kuyambira poyamba mpaka maina a anthu atatha kukwera pagalasi. Akatero ankalemba kakhadi kofotokoza mmene filimuyo ilili, n'kudindapo chidindo cha dzina lawo, n'kukalowetsa m'chikuto cha tepi. Palibe anawatuma ntchito imeneyi. Anaiyamba okha ataona anthu akubweza matepi nkhope zili zii.

Timakhadi timeneto, abale inu, tinali tokoma kuposa mafilimu ena. Pa filimu ina ya apolisi ndi ambanda analemba kuti: "Wakupha mumudziwa msanga. Chokoma n'kuona mmene wapolisi wodekha uja akumutcherera msampha. Ana asaonere, muli mtembo." Pa ina ya zibakera: "Nkhonya zambiri, nkhani yochepa. Ngati abwana akukalipirani kuntchito, tengani mukapepukidwe." Pa ina ya makedzana, ya akavalo ndi malupanga: "Imayamba mozizira ngati phala la dzulo. Pirirani, mfumukazi ikayamba kuyankhula simudzuka pampando." Filimu yoipa ankainena poyera, ngakhale mwini sitolo adandaule kuti tepi yotere aibwereka ndani. Anthu a mataye ankatsika galimoto ku Old Town osayang'ana n'komwe chithunzi cha pachikuto. Ankangosolola kakhadi. Mtauni munkamveka mawu akuti chidindo cha a Mbewe sichinama.

Ine ndinkawasirira mkuluyu mpaka kutengera kayendedwe kawo. Anandiphunzitsa kuona zimene ena saona: kuti wosewera wabwino amamudziwira pamene wangokhala chete, kuti filimu ya akuba yopanda chifukwa chobera ndi phokoso chabe. Ndikafuna kudina batani lothamangitsa tepi ankandimenya padzanja ndi bolopeni. "Achimwene," ankatero, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akutenga tepi iyi akukaionetsa banja lake. Ife ndife maso ake."

Chaka chachitatu maso awo anayamba kuchita nkhungu. Ankayandikira galasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda, misozi ili chuchuchu. Tsiku lina anandiitana n'kundiuza, tili awiri basi, kuti kuyambira tsopano ine ndizionera ndi kulemba, iwo azingomva ndikuwawerengera n'kudinda. Patapita miyezi anayamba kundisiyira ndi chidindo chomwe. Taganizani, inu owerenga, munthu kukupatsani dzina lake m'manja. Ine m'malo moopa ndinatukumuka.

Vuto langa linali lakuti mafilimu a makedzana ndinkadana nawo. Ine anga anali a mfuti ndi magalimoto othamangitsana. Koma awa a azungu ovala zipewa zazitali, omangomwa tiyi n'kumalonjerana kwa ola lathunthu, aa, ankandigonetsa tulo masana dzuwa likuswa mtengo.

Lachisanu lina kunafika matepi anayi. Ena mwa matepi a masiku amenewo ankabwera m'masutikesi a anthu ochokera kunja, osadulidwa paliponse, n'chifukwa chake a Mbewe ankalimbikira zoonera mpaka kumapeto. Atatu anali a zibakera, ndipo imodzi mwa iwo ndinaionera kawiri. Yachinayi inali ya makedzana. Ndinaiika m'makina. Ndinaona ngolo yokokedwa ndi akavalo, tchalitchi, m'busa, ndi azimayi ovala madiresi okwekwereza pansi, manja aatali, mabatani mpaka pakhosi. Mukumbukire kuti masiku amenewo mkazi wovala siketi yoonetsa mawondo kapena buluku ankaona zakuda mtauni muno. Kwa ife diresi lalitali ndiye unali ulemu weniweniwo. Ndinati mumtima, anthu ovala chonchi angachite chiyani choipa? Ndisanafike ndi theka lomwe ndinazimitsa, n'kulemba kuti: "Filimu ya ulemu. Mutha kuonera ndi ana, ndi abusa, ngakhale ndi apongozi." Mawu omalizawo ndinawaika mongoseka, kutsanzira nthabwala za a Mbewe. Ndinadinda dzina lawo, phaa!

Loweruka m'mawa kunabwera a Makwinja, kasitomala wathu wakale, kalaliki wamkulu amene anasamuka ndi ofesi yake kuchokera ku Zomba. Atafika kuno anakwatira mkazi wa kumidzi ya ku Mitundu, ndipo mkaziyo anali atangochira mwana woyamba. Makolo a mkazi anali atabwera kudzaona mdzukulu. A Makwinja anandiuza moseka kuti akuchikazi sankawakhulupirira kwenikweni, ankati mkamwini wa m'tauni alibe mwambo, ndiye ankafuna kuwasangalatsa ndi kanema, chinthu chimene apongoziwo anali asanaonepo m'nyumba ya munthu. Anasolola kakhadi kanga, kuwerenga, n'kuseka chikhakhali.

"Ngakhale ndi apongozi! A Mbewe analota kapena? Ndipatseni imeneyi."

Pamenepo ndikanatha kunena kuti dikirani bwana, iyi sitinaimalize. Mawu ochepa chabe. Koma ndinaopa kuoneka waulesi, ndipo ndinawakulungira tepi ija m'pepala.

Lolemba sitolo isanatseguke bwinobwino, a Makwinja anali pakhomo, tayi ili pambali, maso ali psuu. Analowa mpaka kukachipinda kathu n'kuponya tepi patebulo pamaso pa a Mbewe. Anafotokoza nkhani yonse. Lamulungu pobwera kutchalitchi anaitanira onse pabalaza. Apongozi aakazi anakana katatu, pajatu mkamwini ndi apongozi ake sakhalirana pafupi, koma mwana wawo atawachonderera anavomera kukhala pamphasa chakukhomo, atapotolokera kumbali. Apongozi aamuna, mkulu wa mpingo, anakhala pampando wa ulemu. Theka loyamba linayenda bwino, mpaka akuluwo kuyamikira kuti kani azungu akale ankavala mwaulemu chonchi. Kenaka mayi wa diresi lalitali uja analowa kuchipinda ndi mwamuna amene sanali wake, n'kuyamba kumasula mabatani aja limodzilimodzi, ndipo sanalekere panjira. A Makwinja anadumpha kuti azimitse, koma m'chipwirikiti anadina batani loimitsa chithunzi. Chithunzi chinangoti njo pagalasi, osasuntha.

Mwina mukuseka, inu owerenga. Ngakhale ine ndikanaseka zikanachitikira munthu wakutali. Koma apongozi aakazi anadzifunditsa chitenje kumutu n'kutuluka akulira kuti mkamwini wawatukwana, wawavula pamaso pa mwana wawo. Sanadye kanthu m'nyumbamo. Tsiku lomwelo anakwera basi, atatenga mwana wawo ndi khanda lomwe, ndipo anasiya mawu oti nkhaniyi akaiuza malume ake a mkazi, eni mbumba, banja lithe.

"Ndinakhulupirira dzina lanu, a Mbewe!" a Makwinja anakuwa. "Mwandipasulira banja ndi kapepala aka!"

Ine ndinali chiimire pakona. A Mbewe anatenga kakhadi kaja, kukayandikitsa kumagalasi awo. Zilembo zanga ankazidziwa ngati nkhope ya mwana wawo. Sanandicheukire ngakhale kamodzi.

"Chidindochi ndi changa, bambo," anatero mofatsa. "Mlandu ndi wanga. Basi ya ku Mitundu inyamuka nthawi yanji?"

Ndipo anapitadi! Mkulu wa imvi, amene sanalakwe kanthu, anavala jekete yake ija, kugula tambala pamsika, n'kukwera basi pamodzi ndi a Makwinja. Zimene zinachitika kumeneko anadzandiuza a Makwinja omwewo patapita nthawi. A Mbewe anakhala pansi padothi pamaso pa ankhoswe ndi malume, anavula magalasi n'kuonetsa anthu maso awo otuwa. Anati mkamwini wanu anachita zonse zimene munthu waulemu amachita, anafunsa kaye, ndipo amene anamutsimikizira ndi dzina langa. Ngati pali womulipitsa, ndilipitseni ine. Anayankhula m'Chichewa chakuya, cha munthu wodziwa miyambo, mpaka malume aja anati mkulu ngati uyu sangayende mtunda wonsewu kudzanama. Patatha sabata mkazi anabwerera ku Lilongwe ndi khanda lake.

Banja linapulumuka, koma dzina la a Mbewe linafera pomwepo. Nkhani inazungulira m'maofesi onse a ku City Centre kuti mkulu uja maso anatha, akungodinda zimene sanaone. Anthu omwe aja ankawatamanda anayamba kusolola kakhadi n'kufunsa monyogodola kuti, kodi iyinso ndi ya apongozi? Mwini sitolo sanawathamangitse, anali munthu wachifundo. Iwo eni ndi amene anati kakhadi kosakhulupirika n'kachabe, ndipo mwezi utatha anatsanzika. Anauza mwini sitolo kuti ntchito aipereke kwa ine. Ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu anga, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinkaganiza za ana anga ndi nyumba ya lendi. Mantha, abale, amasandutsa munthu galu.

Chidindo a Mbewe anapita nacho. Ine ndinayamba kulemba dzina langa ndi dzanja, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinalembepo kakhadi ndisanaone maina omaliza akukwera pagalasi. Filimu ija ndinaionera yonse ndekha. Chowawa n'chakuti inali filimu yabwino zedi, yoseweredwa mwaluso, yoyenera kakhadi koona konena kuti akuluakulu okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine nyererezo ndinazitumiza m'nyumba ya mwini.

Zinanditengera zaka zinayi kuti ndilimbe mtima. Ndinakwera njinga kupita kumudzi kwa a Mbewe, kupitirira Likuni. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, maso atatheratu. Anandizindikira ndi mawu. Ndinagwada, bambo wamkulu ndevu pepeya, n'kuulula kuti filimu ija sindinaimalize, ndipo ndinawasiya asenze mlandu wanga.

Anaseka pang'ono. "Ndinadziwa tsiku lomwelo, achimwene. Amene anakupatsani chidindo osakuyang'anirani ndi ine, ndiye kumudzi kuja sindinaname. Komanso ine maso anali atapita kale, inu munali ndi ana aang'ono." Kenaka anafunsa, "Nanga pambuyo pake munaimaliza?"

Ndinati eya.

"Ndiye tandiuzani, mayi uja zinamuthera bwanji? Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa."

Ndinakhala pakhonde paja n'kuwafotokozera filimu yonse, osadumpha kanthu, iwo akugwedeza mutu ndi kufunsa mafunso ngati kale. Nditamaliza anati, "Mwaona? Ikanakhala ndi kakhadi kabwino." Chaka chotsatira anamwalira. Anthu a m'tauni amene ankawaseka sanamve zoona zake, chifukwa ndinapepesa pakhonde pomwe panalibe mboni, pamene manyazi anawachitira pagulu.

N'chifukwa chake ndalemba izi. Aliyense amene anabwerekapo tepi ku Old Town masiku amenewo adziwe lero kuti chidindo cha a Mbewe sichinaname, ananama ndine. Ndipo inu owerenga, kaya ndinu aphunzitsi, ankhoswe, kaya munthu wangokufunsani kuti kodi chakuti n'chabwino, musavomereze chinthu chimene mwangochiona theka. Kunena kuti sindinamalize si manyazi. Munthu akakubwerekani dzina lake, lisungeni kuposa lanu. Ndipo mukalakwa, yankhulani nthawi yomweyo wosalakwa asanavale jekete kukagwada m'malo mwanu. Ine ndinachedwa, ndipo a Mbewe anapita kumanda anthu akuwatchulabe kuti mkulu wa filimu ya apongozi.