Khadi la Malemu Njovu

Sabata ino ndinapatsidwa ntchito imene sindinaionepo pamaliro. Ena amawaza nkhuni, ena amatunga madzi, ena amakakumba manda. Ine anandiimika pakhomo, khadi lili m'manja.

Amene anatisiya ndi aNjovu, mnzanga amene tinaphunzitsa naye sukulu imodzi. Ankakhala ndi akazi awo, amake Tisa, m'nyumba zatsopano zosanjikizana pa Chongwe. Khomo lolowera ndi limodzi, chitseko chake n'chagalasi, ndipo chilibe kiyi. Umagunditsa khadi pakabokosi ka pakhoma, kanyali kobiriwira n'kuyaka, chitseko n'kutseguka. Ukangodutsa chimadzitseka chokha.

Ndinene msanga kuti chitsekochi sindidana nacho. Chisanabwere, anthu a m'nyumbamo ankaberedwa mbaula, nsapato ngakhale njinga zoimika m'khonde. Amake Tisa eni ake anandiuzapo kuti chibwerereni makhadi amagona tulo tabwino.

Koma kwathu kuno nyumba ya maliro sitimatseka. Mipando imatuluka panja, khomo limakhala lotsegula, ndipo namfedwa amakhala pansi osadzuka, anthu n'kumamupeza pomwepo. Tinayesa kutsekereza chitseko ndi mwala. Posakhalitsa chinayamba kukuwa ngati mbuzi yomangidwa, mpaka kuphimba nyimbo za amayi a kumpingo. Tinauchotsa mwalawo. Khadi la amake Tisa linali litapita ndi alongo awo amene ankathamanga ndi za bokosi, ndiye anandipatsa la malemu. Linali ndi chithunzi chawo, akumwetulira, tayi ili pakhosi.

M'mawa wonse ndinatsegulira anthu ndi nkhope ya mnzanga, ndipo mtima unkandiwawa nthawi iliyonse kanyali kakayaka.

Chakumasana kunafika lole yochokera kumudzi, kwa Nkomeshya. Mukudziwa mmene timafikira pamaliro. Kulira kumayambira kumsewu ndipo sikudukiza mpaka utakagwa pamapazi a namfedwa. Kutsogolo kunali amayi awo a malemu, manja ali kumutu, akuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana. Ndinathamanga kukagunditsa khadi. Kunayaka kanyali kofiira. Ndinalipukuta pamalaya n'kugunditsanso. Kofiira komweko.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti wina anali ataimbira foni eni nyumba ku Lusaka kuwadziwitsa za imfayo, ndipo wa mu ofesi anafufuta khadilo pakompyuta monga mwa lamulo lawo. Sindimuimba mlandu. Anauzidwa kuti khadi lopanda mwini ndi limene akuba amaloweramo nalo.

Koma panthawiyo gulu lonse linaima pagalasi. Apanyumba ena anali kuntchito, ndipo amene anali m'kati onse anali pamwamba akuimba, foni osazimva. Kulira kunayamba kuchepa, kenako kunatheratu. Kodi inu munamvapo kulira kwa maliro kukuima kuti kudikire chitseko? Ine manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Amayi a malemu aja anandiyang'anitsitsa.

“Mwana wanga, ni ndani wakana kuti tingene?”

“Palibe, amama. Ni chitseko chabe.”

“Manje chitseko sichiziba kuti mwana wanga wafa?”

Koma zoona zake n'zakuti chinkadziwa. Chinamva uthenga msanga kuposa abale ena.

Apo m'pamene anaona chithunzi chija. Anatenga khadi m'manja mwanga, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. “Ni uyu,” anatero motsitsa mawu, n'kuligwirizira pachifuwa.

Pakati pa azibambo okhala pamthunzi panali aMwale, amene anali mlonda wa nyumbayi makhadi asanabwere. Chitseko chitaikidwa ntchito yawo inatha, ndipo tsikuli anangobwera kudzakhuza maliro ngati wina aliyense. Anadzuka, n'kuzungulira kuseri kumene kuli zenera la aNjovu. Tinangomva mawu awo.

“Imwe bamayo pamwamba apo! Selukani, bapongozi bafika!”

Mayi wina anatsika mothamanga n'kudina batani lotsegulira m'kati. Kulira kunayambiranso pomwe kunalekera, n'kukwera masitepe mpaka kukafika kwa amake Tisa.

AMwale anakoka mpando n'kukhala m'kati, pafupi ndi batanilo. “Apa sinichokapo mpaka tikaike,” anatero. Anakhaladi. Wobwera ndi misozi ankamutsegulira asanafike n'komwe pagalasi. Wina amene maso ake ankangothamangira nsapato zovulidwa pakhonde anafunsidwa mwaulemu kuti akufuna ndani, ndipo anabwerera pomwepo.

Zitseko zimenezi zikubwera ndithu, abale anga, m'maofesi, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za lendi. Sitizibweza, ndipo ine sindikufuna kuti zibwerere. Koma oziika amakhala pansi n'kufunsana za akuba, za moto ndi za magetsi akazima. Ndani amafunsa za maliro? Kodi ankaganiza kuti m'nyumba zosanjikizana simufa munthu?

Pempho langa kwa eni nyumba ndi laling'ono. Uzani amisiri anu akusiyireni njira yoti chitseko chikhale chotsegula masiku a maliro popanda kukuwa, pakhomo pakhale munthu wodziwa nkhope za anthu. Ndipo khadi la malemu musafulumire kulifufuta. Munthu asanaikidwe amakhala akadali ndi alendo.

Khadi la aNjovu silinabwerere ku ofesi. Tsiku loika maliro ndinaona amayi awo atalimanga pamfundo ya chitenje, ndipo anakwera nalo lole kubwerera kwa Nkomeshya. Ndamva kuti lamulo limati khadi lililonse libwezedwe kwa eni nyumba. Chabwino. Koma ndani apite kumudzi kukawamasula mfundo imeneyo? Inu mungapite?