Kalata ya a Nicanor yofotokoza ntchito yawo

A Nicanor Huallpa anatsika kumapiri a ku Puno ali ndi zaka makumi awiri, nadzapeza ntchito mumzinda wa Arequipa yosamalira nyumba yosanja yokhalamo mabanja khumi ndi anayi. Anakalambira pantchito yomweyo. Mawondo atayamba kuwavuta, mayi Zoila Bedregal, wapampando wa komiti ya okhala m'nyumbamo, anawaimitsa pamasitepe.

"Bambo Nicanor, mutilembere kalata yofotokoza ntchito zanu zonse. Komiti ikuifuna pakatha masabata awiri."

A Nicanor sukulu analekezera kalasi yachinayi, ndipo anaganiza kuti akufuna kuwachotsa. Lamlungu anakhala pathebulo ndi kulemba mizere itatu: kusesa, kukolopa, kutaya zinyalala.

Akazi awo, a Fortunata, anasuzumira pepalalo n'kuseka.

"Basi zomwezi? Nanga kubuula konse kuja mukafika kunyumba kumakhala kwa chiyani? Kapena muli ndi mkazi wina kumeneko?"

"Iwe, ntchito yake ndi yomweyi."

"Tengani kabuku, muzilemba chilichonse chimene manja anu akhudza."

Anatero kwa sabata yathunthu, ndipo iwo eni anadabwa. Kukwera padenga kukaona thanki ya madzi. Kununkhiza mapaipi a gasi kukachita chivomezi. Kuthira mafuta pachitseko cha garaja. Kugogoda kwa mayi Clorinda, okalamba a pamwamba, ngati makatani awo sanatsegulidwe pofika naini koloko. Kudziwa mwana amene saloledwa kutuluka ndi bambo ake ataledzera.

Anakataipitsa kalatayo pafupi ndi msika. Wotaipa anafuna kufufuta za makatani, ati si nkhani ya m'kalata yantchito. A Nicanor anakana.

"Zisiyeni, achimwene. Wodzalowa m'malo mwanga azidziwe."

Kumsonkhano mayi Zoila anawerenga masamba onse awiri mokweza. Atamaliza anavula magalasi.

"Ife timafuna kukupezerani wokuthandizani masana okha. Apa ndikuona kuti pafunika munthu wa tsiku lonse."

Mwezi wotsatira kunabwera mayi Yusmary, ochokera ku Venezuela, amene anatenga masitepe ndi denga. A Nicanor anatsala ndi chipata, dimba ndi anthu. Tsiku loyamba a Nicanor anayendetsa mayi Yusmary khomo ndi khomo, kuwatchulira aliyense dzina lake, mpaka galu wa m'chipinda chachisanu amene amaluma ovala zofiira okhaokha.