Waya wa Banjo ya Bambo

Chiikireni maliro a amuna anga, lero m'pamene ndapitanso kumsika. Fungo la mbatata yokazinga pachiwaya landikumbutsa kale, ndili kamtsikana.

Loweruka lililonse masana, msika ukamatha, bambo anga ndi anzawo ankaimba pansi pa mtengo wa bulugamu. Kunkabwera aliyense, akutchalitchi ndi akugule omwe, amayi atafunda zitenje chifukwa cha mphepo ya m'phiri. Bambo aang'ono ankaima patali, atatsamira njinga yawo. Chilowereni iwo gule, bambo anasiya kulankhula nawo, ndipo ife anatiletsa kuponda pakhomo pawo. Ine ndinkawasowa kwambiri.

Tsiku lina nyimbo ili pakati, waya wa banjo ya bambo anaduka. Waya wina panalibe. Anthu anayamba kusenza madengu awo. Bambo aang'ono anagwada, n'kumasula waya wa mabuleki a njinga yawo, n'kubwera naye.

"Nayu, achimwene. Anthuwa asabalalike."

Bambo anangowayang'ana, osalandira. Ine ndinasiya kutafuna mbatata yanga.

"Nanga potsetsereka paja ukatsika bwanji wopanda mabuleki, iwe?"

"Ndingoikankha."

Bambo anasendera pabenchi. "Khala apa. Gwira uku, ine ndizikunga."