Magalasi Anga pa Ukwati wa Msuweni

Ndinabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo dzuwa la ku Mavwere silinandimverepo chisoni. Nesi wina wa pa Boma anandipatsa magalasi akuda, enieni. Mvula ikawagwera madontho ankangotsetsereka, thukuta silinkawachita kanthu. Chaka chimenecho ndinapalira mtedza wanga osatsinzina.

Kenako kunabwera msuweni wanga, mwana wa amalume. Inali nyengo ya misonkhano ya zipani, mnyamata aliyense akufuna kuoneka ngati bodigadi. Magalasi aja anawapeza pakhonde, n'kuvala.

"Za mkazi wanga ndi zanga," anatero akuseka.

Kwathu msuweni amakutcha mkazi wake, amatenga chako, iwe n'kumaseka naye. Ukakwiya, wopepera ndiwe. Nditadandaula kwa amayi anangoti, "Ndi chisuweni chimenecho, musiye." Ndinamusiyadi, koma mumtima ndinati adzaona. Nthawi yonse yokolola ndinakumba mtedza misozi ili chuchuchu, mutu ukuwawa, iye akuyendayenda m'misika maso anga ali pamphuno pake. Ndinamuda munthu uja.

Ndinadikira ukwati wake, kumapeto kwa Novembala. Ndinapita kumsika wa kuboda n'kugula magalasi ofanana ndi anga aja kwa mayi wina wa ku Zambia, otchipa aja. Kunyumba ndinanyowetsa chala n'kukhudza pakona, chala chinada bii. Ndinayamba kupempherera mvula.

M'mawa wa ukwati iye akusamba, ndinalowa m'nyumba mwake n'kusinthanitsa magalasiwo. Palibe anandifunsa, msuweni saletsedwa khomo.

Mvula inawapeza akwatiwo pangolo pochokera kutchalitchi, koma mkwati wamatama sanafune kuvula magalasi. Pofika pabwalo utoto unali utayenderera m'masaya mpaka pakolala ya malaya oyera obwereka. Anayesa kupukuta ndi dzanja, n'kungodzipaka nkhope yonse. Ana anafa nacho chiseko. Mkwatibwi, woyenera kuzyolika mwaulemu, mapewa ankangomugwedera.

Ine ndinaima kutsogolo kwenikweni, anga ali kumaso, kuti ndisaphonye kanthu. Msuweni uja anandiyang'ana, n'kuzindikira.

"Iwe, wandichita chiyani?"

"Mwatani amuna anga, simuseka?"

Sanaseke, ndipo kukwiya pagulu sakanatha. Chisoni sindinamumvere ngakhale pang'ono, mpaka lero. Kutacha ndinalawirira kumunda kukabzala mtedza. Dzuwa linatuluka laukali, ine ndinagwira ntchito mpaka masana maso ali otsegula.